A Pakati ndi Theka la Hekitala

Loweruka lapitali tinakalambula manda a apongozi anga aamuna, bambo Sipiriyano Mbewe, poti chaka chakwana chimwalirireni. Tinanyamuka ku Moatize pa shapa yoyamba, minibasi ya kuno, thukuta lili kamukamu, koma titakwera mapiri n'kufika ku Zobue tinapeza nkhungu itakuta midzi, moti amuna anga anachita kubwereka juzi kwa mng'ono wawo. Pamanda anthu analankhula zomwe zimalankhulidwa pamanda: kuti malemu anali munthu woopa Mulungu, wolimbika pa ntchito, wolera ana a abale. Zonsezo n'zoona. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina lomwe Zobue yense ankawadziwa nalo, mwina poganiza kuti silikuyenera pamalo a ulemu. Ine ndilitchula pano. Ankatchedwa a Pakati.

Anawapatsa dzinalo ndi akazi awo omwe, apongozi anga Anaphiri, chifukwa bambowa sankayankha funso ndi nambala imodzi. Ukawafunsa kuti kachewere wa m'munda muno akwana matumba angati, ankati apitirira khumi ndi awiri koma safika khumi ndi asanu. Ukawafunsa zaka zawo, ankati ndi aang'ono kwa wansembe wopuma uja koma aakulu kwa mlongo wawo. Anaphiri ankadandaula kuti munthu ameneyu ngakhale utamufunsa ngati mchere wakwana m'ndiwo, angakuuze kuti uli pakati pa kukwana ndi kusakwana. Eni ake dzinalo silinkawapweteka. Ankanena kuti munthu wofulumira kutchula nambala imodzi nthawi zambiri amakhala akungolota, pamene wotchula ziwiri wayamba waganiza, ndipo ukamupatsa mphindi ina azipanikiza ziwirizo mpaka pakati pake patsale kampata kosalowa chala.

Anali aatali, oonda, ogontha khutu lakumanzere, ndipo pakhutu logonthalo ndi pomwe ankapachika pensulo. Ankati khutulo lisamangodya zaulere. Ntchito yawo inali ya matabwa, makamaka kukhoma madenga. Sukulu analekeza kalasi yachinayi, koma ali mnyamata anaphunzira umisiri kwa m'bale wina wa kumishoni amene sankalola munthu wosadziwa kuwerengera kugwira sowo. Kumeneko ndi komwe analoweza pamtima zomwe nambala iliyonse imatulutsa ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, kuyambira 1 mpaka 100, ndipo anakalamba nazo osataya ndi imodzi yomwe. Ankazinena polima, ngati munthu akunena korona: 11 ndi 121, 12 ndi 144, 13 ndi 169, khasu likugwa pa nambala iliyonse. Ankayenda ndi ndodo ya nsungwi yotalika metro imodzi ndendende, yochekedwa timizere toigawa pakhumi. Ndodo imeneyo sankamenyera galu, sankagwetsera mango, ndipo mdzukulu akaiseweretsa ankalandira mawu.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo woyamba, Armando, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyamba apongozi sanandilankhulepo pamaso. Chilichonse chinkadzera kwa Anaphiri, monga ulemu umafunira. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatuka. Chomwe chinathetsa zimenezi ndi mbande za kabichi. Tsiku lina kudimba ndinazula mbande 200, ndipo ndinkafuna kuziwokera pamalo a mbali zinayi zofanana kuti kuthirira kusandivute, koma sindinkadziwa kuti pa mzere uliwonse ndiike zingati. Ndinayamba ndi 20 pa mzere, malo anatuluka aatali ngati mphasa. Ndinaima, manja m'chiuno. Apongozi anali chapatali akukonza mpanda. Anatsokomola, kenako analankhula akuyang'ana mpandawo, osati ine.

"Apongozi, mizere 10 ya mbande 10 ndi zingati?"

Ndinagwada pomwe ndinalipo n'kuyankha kuti 100.

"Zachepa. Nanga mizere 20 ya mbande 20?"

Ndinazunguza mutu pang'ono. "400, bambo."

"Zachuluka. Ndiye yankho lanu lili pakati pamenepo. Lisakeni."

Ndinalemba padothi ndi chala. Nditayesa 15 ndinapeza 225, zopitirira pang'ono. Nditayesa 14 ndinapeza 196.

"Basi," anatero, "mizere 14, mbande 14 pa mzere. Zinayi zotsalazo mukawapatse Anaphiri, azikawokera kuseri kwa bafa."

Ndinaseka ndisanakumbuke kuti sindiyenera kuseka pamaso pawo. Kuyambira tsiku limenelo tinkalankhulana, ngakhale kuti mpaka imfa yawo sitinakhalepo pamphasa imodzi.

Chomwe anandiphunzitsa tsiku lija kusukulu amachitcha rayizi kwadrada. Iwo dzinalo ankalidziwa koma ankaliseka, ankati Apwitikizi anachitcha muzu chinthu chosakumbidwa. Kwa iwo kunali kupeza mbali basi: ukadziwa kukula kwa malo onse, mbali yake imodzi ndi yotalika bwanji? Nambala monga 100, 121 ndi 144, zomwe zimadzaza malo a mbali zofanana popanda chotsala, ankazitcha midzi. Zina zonse ankati zili panjira. Ankafotokoza kuti munthu amene shapa yamufera pamsewu amangofunika kudziwa mudzi umene wadutsa, mudzi umene uli kutsogolo, ndi umene wayandikira pa iwiriyo. Tenga 40. Ili pakati pa 36 ndi 49, ndiye mbali yake ili pakati pa 6 ndi 7. Kuchoka pa 36 kufika pa 49 pali mapazi 13, ndipo 40 yayendapo anayi okha, osakwana n'komwe gawo limodzi mwa atatu a ulendowo. Choncho mbali ndi mametro 6 ndi timizere titatu ta pa ndodo yawo. Armando atagula foni yake yoyamba anafuna kuwagwetsa ulesi bambo ake ndi nambala yomweyo. Foni inatulutsa 6,3245553. Apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali. Anavomera kuti ka 2 kali pambuyo pa 3 n'koona ndipo akanakapeza atapatsidwa mpata, kenako anafunsa ngati pa Zobue pali sowo imene ingadule mchira wonse wotsalawo.

Ndisaname, sanali munthu wophweka kukhala naye. Akakhala kuti akunena zoona, ankafuna aliyense amve kuti akunena zoona. Chaka chomwe tinkamanga kachalitchi ka kumudzi kwathu ku Zobue, wapampando wa komiti, a Jeremiyasi, anadulitsa mapaso a mametro anayi. Anawerengera kuti nyumbayo ndi ya mametro asanu ndi atatu m'lifupi, ndiye theka lake ndi anayi. Anaiwala kuti phaso siligona, limakwera kukafika pamtanda. Apongozi anadikira mapemphero athe, n'kuimirira pamaso pa mpingo wonse. Anati mtanda ukakwera mametro awiri, 16 kuphatikiza 4 ndi 20, ndipo 20 ili pakati pa 16 ndi 25, ndiye phaso liyenera kuyandikira anayi ndi theka tisanawonjezere la m'khonde. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anawonjezera kuti mitengo yomwe yadulidwayo ingathandize pa khola la nkhumba. Anthu anaseka. A Jeremiyasi sanaseke. Zaka ziwiri madoda awiriwa ankakhala pabenchi limodzi osalonjerana, ndipo nthawi yopatsana mtendere ikafika ankagwirana chanza wina akuyang'ana kuzenera wina kudenga. Patapita nthawi apongozi anandiuza okha kuti pa mapaso anakhoza, koma pa malo onenera analakwa, ndipo kulakwako kunali kwakukulu kuposa kukhozako.

Za ku Malawi sankakonda kuzikamba. Ndikudziwa kuti nthawi ya nkhondo anathawira ku Mwanza ndi banja lonse, sowo atakulunga m'bulangete. Kumeneko, posowa madenga okhoma, ankasonkhanitsa ana a anzawo othawa n'kumawayalitsa timiyala m'mizere, anayi anayi, asanu asanu, mpaka aone ndi maso chifukwa chake 25 ndi mudzi pamene 26 si mudzi. Makolo ena ankawanena kuti akutayitsa ana nthawi yotola nkhuni. Mtendere utabwera anabwerera n'kupeza minda itamera mitengo yofika pakhosi, malire atasowa. Chaka chimenecho ndodo ija inayenda m'minda ya anthu ambiri. Anabweranso ndi chizolowezi chowerenga m'zilankhulo zitatu: akakhala pamtendere ankawerenga m'Chinyanja, akamafulumira m'Chingerezi cha ku Mwanza, ndipo ukamva ayamba Chipwitikizi unkadziwa kuti apsa mtima.

Nkhani yomwe ndimawakumbukira nayo kwambiri inachitika nthawi yomwe migodi ya malasha inkakula, magalimoto akuluakulu atadzaza msewu wa ku Moatize. Apongozi anali ndi mlongo wawo mmodzi, azakhali a Esiteri, amene anakwatiwa kwa Anyungwe cha ku Malabwe ndipo amuna awo anali atamwalira. Kamudzi kawo kanali m'gulu la midzi yosamutsidwa. Kumalo atsopano banja lililonse la pa mzere wawo linalonjezedwa, kuwonjezera pa nyumba, kamunda kapafupi ka theka la hekitala. Ntchito yokhoma zikhomo m'mindamo inapatsidwa kwa kakampani kena kakang'ono. Azakhali kuwerenga sankadziwa, koma analima moyo wawo wonse. Atalambula malo awo n'kumaliza m'masiku anayi, anabwereka foni n'kuimbira achimwene awo. Anati pepala likunena zake, koma msana wawo ukunena kuti mundawu ndi waung'ono.

Apongozi anatsika mapiri sabata yomweyo. Anafikira kwathu ku Moatize, kudera la 25 de Setembro, komwe ine ndi Armando tinali titasamukira. Moatize sankaikonda. Ankati kutentha kwake kumasungunula nzeru, ndipo ankapukuta fumbi lakuda pampando asanakhale. Vuto linali lakuti Armando ankayendetsa galimoto ya kakampani komweko kokhoma zikhomo. Titatha kudya chamasana anawapempha bambo ake kuti asapite.

"Bambo, ine ndimadya pamenepo. Ana awa amavala pamenepo. Mukakayambitsa phokoso adziwa kuti ndinu bambo anga."

"Sindikukayeza kampani. Ndikukayeza munda wa mlongo wanga."

"Anayeza ndi anthu ophunzira, a fita yoyezera ndi makina. Inu mukupita ndi nsungwi."

"Ngati anayeza bwino, nsungwi ikavomera. Ukuopa chiyani?"

Armando anatuluka panja. M'mawa mwake ndinawaperekeza ndine. Kwathu kobadwira ndi ku Kambulatsitsi, Chinyungwe ndimachimva bwino, ndipo iwo ndi khutu lawo lija akanavutika.

Tinafika dzuwa litakwera. Malowo anali oyera, a miyala, mitengo ya masawu apo ndi apo. Azakhali anatulutsa pepala m'kachikwama ka pulasitiki komwe ankamanga m'chiuno. Apongozi analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Linati theka la hekitala, ndiko kuti mametro kwadrado 5000, timalo 5000 ta metro imodzi uku ndi uku. Sanamwe n'komwe madzi omwe anapatsidwa. Anapita pachikhomo choyamba, anagoneka ndodo pansi, anaika chala pomwe yathera, anaisuntha, anaigonekanso. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, atawerama padzuwa la kumeneko, metro imodzi imodzi. Ndinapempha kuti ndiwalandire, anakana. Oyandikana nawo anayamba kusonkhana, ena akuseka kuti madala a ku Zobue ataya singano. Mbali yoyamba inatuluka 50. Yachiwiri 50. Anawongoka pang'onopang'ono, dzanja pamsana, n'kunena m'Chipwitikizi kuti 50 imatulutsa 2500.

"Achimwene, lankhulani zoti ndimve," anatero azakhali.

"Achemwali, akupatsani theka la zomwe analemba."

Sanali iwo okha. Pachikhomo chilichonse cha mzere wonsewo panalembedwa 50 ndi utoto wofiira.

Woyeza mindayo anabwera masana pa njinga yamoto, atamva kuti kwasonkhana anthu. Anali bambo wachichepere, dzina lake Dinisi, wovala chisoti choyera, fita ili m'chiuno. Ndinaona apongozi akutsegula pakamwa pamaso pa anthu, kenako n'kutsekanso. Anamugwira dzanja mnyamatayo n'kupita naye pansi pa msawu, kutali ndi gulu. Ine ndinatsatira chifukwa cha khutu lija.

"Mwana wanga, hekitala mbali yake ndi zingati?"

"100, madala."

"Nanga theka la hekitala?"

"Theka la 100 ndi 50. Zimenezi n'zomwe mwandiitanira?"

Apongozi anayesa kumufotokozera motsitsa mawu, koma Dinisi ankangoyang'ana wotchi. Anati iye ali ndi satifiketi, fita sinama, ndipo ngati pali dandaulo alembe kalata. Anatembenuka kuti azipita. Pamenepo apongozi anaitana mlongo wawo n'kuwapempha mpango wa kumutu. Azakhali anauvula mwamanyazi, imvi zili poyera. Unali mpango wa mbali zofanana, wobiriwira wa maluwa achikasu. Apongozi anauyala pansi. Anthu anali atayandikira kale, sakanawabwezanso.

"Iyi ndi hekitala," anatero, ine ndikubwereza m'Chinyungwe. Anaupinda kamodzi. "Ili ndi theka. Tikugwirizana?"

Onse anavomera, ngakhale Dinisi anagwedeza mutu.

"Koma taonani, mbali iyi yafupika, iyi ikadali 100. Inu mwafupikitsa zonse ziwiri." Anaupindanso kachiwiri. Mpango unasanduka kanthu kakang'ono ka mbali zofanana. Anautambasula, n'kuwerenga zigawo zake ndi chala: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. "Munda wa 50 ndi 50 ndi chimodzi mwa zinayi izi."

Azimayi anamva mnyamatayo asanamve. Amapinda nsalu tsiku ndi tsiku. Kunamveka kung'ung'udza, kenako bambo wina wachikulire anakuwa kuti atibera. Amuna anayamba kumuzungulira Dinisi, wina atagwira kale chiwongolero cha njinga yake. Apongozi anaima pakati, ndodo ataigwira mopingasa ndi manja awiri, n'kundiuza kuti ndikweze mawu. Anati wakuba salemba zomwe waba ndi utoto wofiira pachikhomo kuti aliyense awerenge. Anati uku n'kulakwa kwa pasukulu, kumene iwo eni anakuonapo kwa anthu akuluakulu aulemu wawo, ndipo kumakonzedwa ndi fita yomweyo, osati ndi zibakera. Anati amene amenye mwanayu ndiye akayeze yekha minda yonseyi. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono.

Dinisi anakhala pansi padothi, pafupi ndi mpango uja. Anauyang'ana, anaupinda yekha kawiri, anautambasula. Atalankhula, mawu ake anali ena.

"Bambo, ndiye mbali iyenera kukhala zingati?"

Anapisa m'thumba kufuna foni. Apongozi sanadikire.

"70 imatulutsa 4900, yachepa. 71 imatulutsa 5041, yapitirira. Ndiye tili pakati. Kuchoka pa 4900 kufika pa 5041 pali mapazi 141, ife tayendapo 100. Tayandikira mudzi wa kutsogolo. Ndi mametro 70 ndi timizere tisanu ndi tiwiri."

Pomwe foni inkayaka n'kuti atamaliza. Dinisi anadina, anayang'ana, n'kundionetsa ine poti ndinali pafupi. Inalemba 70,71.

"Mukakhome pa 71," anatero apongozi. "Kotsalako kakhale kopepesera msana wa mlongo wanga."

Ndikanakonda kunena kuti zinatha bwino tsiku lomwelo, koma sizinatero. Dinisi anakadziulula yekha kwa akuluakulu ake, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero. Apongozi analemba kalata m'Chipwitikizi chawo chakale, anthu a pa mzerewo anadinda zala. Panapita miyezi zikhomo zisanazulidwe. Popeza mindayo inali yogundana, sikunatheke kungokulitsa uliwonse pomwe unali. Anachita kuyala mzere wonse mwatsopano. Ena amene anali atalambula kale ndi kuzula zitsa anapezeka kuti thukuta lawo lagwera m'munda wa mnzawo, ndipo anawatukwana apongozi m'malo mowathokoza. Gawo lomwe linawonjezedwa kwa azakhali linali la miyala, chimanga chinakana. Anadzalamo mapira, ndipo mapirawo ndi amene anawadyetsa zaka zomwe mvula inavuta.

Armando ntchito inamuthera. Nthawi ya pangano lake itakwana sanamuwonjezere ina. Palibe anamuuza chifukwa, ndipo ena amene analibe bambo wa nsungwi anachotsedwanso mwezi womwewo, koma iye anali ndi chifukwa chake m'mutu. Chaka ndi theka sanapondeko ku Zobue. Ine ndinkapitabe kukapikula kachewere ndi tomato wogulitsa ku Moatize, ndipo ulendo uliwonse apongozi ankandifunsa za ana, za nkhuku, za mtengo wa shapa, osatchula dzina la mwana wawo. Tsiku lina akundithandiza kumanga thumba analankhula akuyang'ana chingwe, monga anayang'anira mpanda kalekale. Anati nkhani ya Armando aiyeza kambirimbiri. Akaika mlongo wawo ndi mabanja aja mbali imodzi, aona kuti anakhoza. Akaika adzukulu awo mbali ina, aona kuti analakwa. Anati ndi nambala yokhayo pa moyo wawo imene ikukana kupanikizika. Sindikuganiza kuti ankafuna yankho.

Armando anadzapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya simenti, ndipo tinayamba kuwonjezera chipinda chimodzi panyumba. Ndili ku Zobue ndinangotchula nkhaniyo pocheza ndi Anaphiri. Apongozi, amene tinkati ndi ogontha, anafunsa ali pakhonde kuti chipindacho n'chachikulu bwanji m'lifupi, nanga khoma lakumbuyo latsika bwanji poyerekeza ndi lakutsogolo. Ndinawauza zomwe ndinamva kwa womanga. Patapita masabata awiri, galimoto ya kachewere inaima pakhomo pathu n'kutsitsa mapaso asanu ndi awiri a bulugamu, osendedwa, odulidwa kale, opanda kalata. Womanga anakweza limodzi. Linakhala ngati linamera pomwepo. Armando anaima pansi akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anapita kukasamba ngakhale anali atasamba kale. Lamlungu lotsatira anakwera shapa ya ku Zobue. Zomwe anakambirana sindikuzidziwa. Anaphiri amati sanakambirane kanthu, anangokhala pakhonde n'kumadya nzimbe.

Anakhala zaka zina zingapo. Maso atayamba kuchita mdima anasiya kukwera pamadenga, koma amisiri achinyamata ankabwerabe kudzawafunsa asanadule mitengo, ena akubisa foni m'thumba kuti asawakhumudwitse. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ya chaka chatha, ndipo sanadwale nthawi yaitali. Azakhali a Esiteri anafika akadali moyo. A Jeremiyasi, oyenda ndi ndodo ziwiri tsopano, ndi amene anatsogolera nyimbo kumanda.

Loweruka lija, anthu atabalalika, ndinazungulira kuseri kwa nyumba komwe kuli chisakasa chawo chogwirira ntchito. Zipangizo ana anagawana. Patsala tebulo lalitali la mabala a sowo, lomwe mwendo wake umodzi chiswe chayamba kuulawa, ndipo pansi pake nkhuku yakuda ikufungatira mazira m'zopalapala za matabwa zomwe palibe anasesa. Udzu wa padenga wabooka pakona, dzuwa limalowa n'kugwera pomwe ankaima. Chisakasacho chinatsamira khoma la nyumba, ndipo khoma limenelo ndi lodzaza manambala, ena a makala ena a pensulo, ena pamwamba pa anzawo, denga lililonse lomwe anakhoma m'zaka zomaliza lili pamenepo. Mvula ya chaka chino yachotsako a m'munsi. Anaphiri sadziwa kuwerenga. Chilimwe chilichonse amazira nyumba yawo ndi dothi lofiira, ndipo chaka chino azira makoma atatu, osalala bwino. Pa khoma ili, lomwe malemu ali moyo sankalola munthu kulizira, dothi latsopano lalekera m'mawondo.

Anaphiri anandipeza nditaima pamenepo. Ndinawafunsa ngati angafune ndiwathandize kumaliza mbali yotsalayo mvula isanabwere. Anayang'ana khomalo, anakonza nsalu paphewa, n'kunena kuti dothi linawathera. Dengu la dothi linali pambali pa mwendo wawo, lodzaza.